Lekani kunyoza njinga kuno ku Joni

Lamlungu lapitali, titatuluka m'mapemphero, ndinapempha abale a ku Malawi amene timasonkhana nawo kuti Loweruka lina tidzatenge njinga zakapalasa n'kukazungulira Soweto pamodzi ndi ana athu, kuti anawo akaone ndi maso malo amene amangowamva kusukulu. Ndisanamalize n'komwe kulankhula, bambo ena achikulire, amene ndimawalemekeza kwambiri, anaseka mokweza nati: "Achimwene, ife tinachoka kumudzi kuthawa kabaza, ndiye inu mukufuna tidzapalasenso njinga ku Joni?" Anthu anaseka nawo. Kuseka kwa akuluakulu ndikanakupirira, koma chimene chikundiwawa mpaka lero n'chakuti mnyamata wawo, amene anali atakweza kale dzanja kuti iye apita nawo, anatsitsa dzanjalo pang'onopang'ono n'kuzyolika, bambo akewo atanena pamaso pa gulu kuti mwana wawo sangakwere njinga ngati wantchito wa m'munda.

Ndakwiya, ndipo sindikubisa. Njinga si chizindikiro cha umphawi, ndipo munthu amene amainyoza akudzimana yekha mzinda umene akukhalamo, kenako akumananso ana ake. Tilipo ambiri kuno amene tatha zaka tikudziwa njira imodzi yokha, yochokera kuchipinda chathu cha lendi kupita kuntchito, ndi ina yopita ku Park Station pokatumiza katundu kumudzi. Ukafunsa munthu wotere kuti Johannesburg ndi wotani, adzakuuza za mitengo ya zinthu m'masitolo ndi za akuba, basi. Mzinda wonsewu amauonera pawindo la takisi, atapanikizika pakati pa anthu, maso ali pa foni, kenako ndi yemweyo amene amaseka mnzake amene wasankha kuuyenda pang'onopang'ono kuti auone bwino. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Takisi siidekha, ndipo amene ali m'katimo saona kanthu.

Ndikufuna bambo aja, ndi ena onse amene anaseka nawo, amve zimene anamulanda mwana uja. Ku Orlando West kuli msewu wa Vilakazi, kumene kuli nyumba nambala 8115 imene Nelson Mandela analowamo mu 1946, ndipo pamsewu womwewo pali nyumba ya Desmond Tutu. Anthu awiri amene analandira mphotho ya mtendere ya Nobel, wina mu 1984 ndipo wina mu 1993, anakhalapo mumsewu umodzi, ndipo alendo amawoloka nyanja zikuluzikulu kudzaona zimenezi. Ukapalasa pang'ono kuchokera pamenepo umafika pachikumbutso cha Hector Pieterson, mwana wasukulu amene anawomberedwa pa 16 June 1976, tsiku limene ana a ku Soweto anaguba pokana kuphunzitsidwa m'chinenero cha Afrikaans. Pamalopo pali chithunzi chachikulu chimene anajambula Sam Nzima: mnyamata wamkulu akuthamanga atanyamula mwanayo m'manja, mlongo wake wa mwanayo akuthamanga pambali atavala yunifolomu, kukamwa kuli yasa ndi kulira. Ukafika panjinga, thukuta lili kamukamu, umaitsamiritsa pakhoma n'kuima pamenepo nthawi imene ukufuna, popanda woyendetsa galimoto wokuimbira hutala kuti tiyeni nthawi yatha. Kuchoka apo pali tchalitchi cha Regina Mundi ku Rockville, chimene chidakali ndi zipsera za zipolopolo za apolisi a nthawi ya tsankho, komanso Kliptown, kumene anthu a mitundu yonse anasonkhana mu June 1955 n'kuvomereza chikalata cha ufulu cha Freedom Charter. Nsanja ziwiri za Orlando, zopakidwa zithunzi zamitundumitundu, umaziona patali zikukutsogolera njira. Zonsezi munthu angathe kuziona tsiku limodzi ndi miyendo yake, botolo la madzi ndi buledi m'chikwama.

Tsono chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti alendo ochokera ku Germany, ku America ndi kwina amalipira marandi ambiri kuti wina awabwereke njinga n'kuwatsogolera m'misewu yomweyi ya Soweto. Iwo akapalasa timati akukaona malo, ndipo timawaimikira manja. Mmalawi akapalasa timati zinthu zamuvuta. Njinga ndi yomweyo, msewu ndi womwewo, dzuwa ndi lomwelo, koma ife tasankha kuti wathu yekha ndiye achite manyazi. Pitani ku Cradle of Humankind, dera la zinthu zakale limene lili kunja kwa mzinda uno, Loweruka m'mawa mukaone anthu amene ali ndi magalimoto awiri kapena atatu kunyumba akupalasa mumzere m'misewu ya kumeneko, pafupi ndi mapanga a Sterkfontein. Dikirani chakumapeto kwa chaka muone mpikisano wa 947 Ride Joburg, pamene misewu ikuluikulu ya mzinda uno imatsekedwa kuti anthu zikwizikwi adutse panjinga. Kodi onsewo ndi amphawi? Kodi alipo amene amawafunsa ngati anathawa kabaza kwawo?

Ndipo ngakhale akanakhala amphawi, cholakwa n'chiyani? Mawu aja akuti "ngati wantchito wa m'munda" anandilasa kawiri, chifukwa pakati pa anthu amene anamva mawuwo panali abale athu amene amagwiradi ntchito m'minda ya anthu ku Fourways ndi ku Randburg, amene amadzuka kusanache ku Diepsloot kapena ku Cosmo City n'kupalasa mtunda wautali m'chisanu cha mwezi wa June kuti ndalama ya takisi ikhale ya fizi ya mwana ku Mzimba kapena ku Mangochi. Anthu amenewa anakhala chete, ndipo ena anaseka nawo mokakamizika. Munthu amene njinga yake ikuphunzitsa ana ndi kufolera nyumba ndi malata kumudzi ndi woti timuvulire chipewa. Kumudzi komweko njinga ndi imene inatitengera kuchipatala tikudwala malungo, ndi imene inanyamula matumba a chimanga kupita kuchigayo, ndipo ambiri mwa ife ndalama ya pasipoti inachokera pa kaliyala wa njinga ya bambo kapena ya malume. Lero tavala suti ku Joni ndiye tayamba kuiona ngati chinthu chochititsa manyazi. Ayi, zimenezo sindingazivomereze.

Ndikudziwa kuti ena amaopa akuba, ena amaopa kufunsidwa mapepala pamsewu, ndipo mzinda uno uli pamwamba, mamita oposa 1,700 kuchokera panyanja yamchere, kotero zitunda zake zimatha mpweya. Zimenezo ndi zoona, koma kuyenda awiri si mantha, ndipo n'chifukwa chake ndinapempha kuti tipite pagulu, m'mawa, aliyense atavala chisoti monga lamulo la dziko lino likunenera, n'kubwerera mvula ya mabingu ya masana isanayambe. Bambo aja sananene kuti akuopa. Akanatero tikanakambirana. Iwo ananyoza, ndipo kunyozako ndi kumene ndikukana.

Pali malo ena amene ine ndimati Mmalawi aliyense wokhala kuno ayenera kufikako, ndipo njinga ndiyo imawalumikiza bwino. Uyambire ku Constitution Hill ku Braamfontein, ndende yakale imene munatsekeredwapo Mahatma Gandhi komanso Mandela, pamene lero pali khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko. Utsetsereke mpaka pamlatho wa Nelson Mandela, umene unatsegulidwa mu 2003, uime pakati pake uyang'ane pansi mizere ya njanji ndi masitima ataima mondondozana. Ukawoloka wafika ku Newtown, kumene kuli Workers' Museum, komboni yakale ya mu 1913 imene munkagona amuna akuda ogwira ntchito za mzinda. Ukalowa m'katimo umaona mabedi a simenti, ondandalikana popanda chotchinga chilichonse, pamene munthu wamkulu, wa banja lake kwawo, ankagona phewa kukhudzana ndi phewa la mnzake. Agogo athu amene anabwera kuno ndi Wenela ankagona m'makomboni otere kumigodi. Golide anapezeka kuno mu 1886, ndipo milu yachikasu ya dothi la m'migodi imene umaiona kumwera kwa mzinda ili ndi thukuta la anthu a ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Nkhata Bay. Mu 1974 ndege inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 ochokera kumigodi, ndipo Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu ntchito m'dziko lathu. Ena mwa agogo athu sanabwererenso, anasanduka matchona, ndipo mafupa awo ali m'dothi lomwe lino. Mzinda uno tinaumanga nawo. Nanga mwana wobadwira ku Rosettenville kapena ku Yeoville adzazidziwa bwanji zimenezi ngati bambo ake amuletsa kuuyenda chifukwa choopa kuti anthu aziti chiyani?

Si mbiri yokha ayi. Mwana amene amakhala m'chipinda chimodzi ndi makolo ake, pansanjika yachisanu, wosewerera pakhonde la simenti, ayenera kudziwa kuti mumzinda womwewu muli damu la Emmarentia ndi munda wa maluwa umene kulowa kwake n'kwaulere, muli Zoo Lake, ndiponso muli kanjira kafumbi kotsata mtsinje wa Braamfontein Spruit kudutsa ku Delta Park kulowera kumpoto, kumene umapalasa pansi pa mitengo osamva phokoso la galimoto. Mwezi wa October ukafika, misewu ya ku Melville ndi ku Parkview imadzaza maluwa ofiirira a jakaranda, ndipo amathetheka pansi pa matayala ukamadutsa. Malo amenewa sanalembedwe kuti ndi a anthu a mtundu wakutiwakuti. Malamulo a tsankho amene ankatsekereza munthu wakuda anatha kalekale, koma ife tadziikira tokha mpanda wina m'mitu mwathu, ndipo tikuumangiranso ana athu. Munthu amagula foni ya marandi zikwi zingapo kuti azijambulitsa m'sitolo zazikulu za ku Sandton, koma njinga yogwiritsidwapo kale ntchito, yongofunika chubu chatsopano ndi mafuta pa tcheni, akuti ingamuchotsere ulemu. Ulemu wake uti umene umathawa munthu akagwira mahandulo?

Ndikubwerezanso kuti pasakhale wonena kuti sanamve: amene sakufuna kupalasa akhale, palibe amene akumukakamiza, koma asatseke pakamwa pa mwana amene akufuna kuona mzinda umene akukuliramo, ndipo asanyoze mnzake amene njinga ikumudyetsa. Ulendo wa ku Soweto ulipo ndithu, ndipo amene alibe njinga tidzabwerekana.

Ndipo poti ndayamba kale kulankhula, oyendetsa matakisi nawonso andikwana. Ku Braamfontein ndi ku Auckland Park kuli tinjira ta njinga topakidwa utoto wobiriwira m'mbali mwa msewu, timene tinakonzedwa kuti ophunzira a ku mayunivesite a Wits ndi UJ komanso antchito azidutsamo bwinobwino. Mu 2016 Herman Mashaba atakhala meya anaimitsa ndalama zomangira tinjira tina, ndiye tochepa timene tilipoti n'timene tikanatetezedwa. Koma pitani mukaone. Takisi yaima m'kanjiramo ikukweza anthu, patsogolo pake wina waimikamo galimoto n'kupita kukagula chakudya, kutsogoloko mwadzaza magalasi osweka ndi zinyalala. Wapanjinga amakakamizika kulowa pakati pa msewu, ndipo akalowa, yemwe uja wamutsekera njira ndi amene amayamba kumuimbira hutala ndi kumutukwana, apolisi apamsewu ali chiimire potero akuyang'ana.