Muwaitanenso ana a m'makomboni

Nkhani ya msasa wa patchuthi wophunzitsa achinyamata mtsutso ndi kuyankhulira madera awo yandikhudza kwambiri. Pempho langa kwa okonza ndi lakuti musamangotenga ana a masukulu olipira a ku Kabulonga, dera la anthu ochita bwino mumzinda wa Lusaka. Mwana wa ku komboni ya Kanyama amaidziwa ngalande yomwe imasefukira mvula ikangogwa, amaona yekha madzi a zinyalala akulowa m'chitsime. Kolera itavuta mu 2024, odwala mpaka kukagonekedwa ku bwalo la masewera la Heroes Stadium, masukulu anachedwa kutsegulidwa, ndipo otsalira pa maphunziro anali ana omwewa. Aphunzitseni kulembera khansala kalata, kupita ku komiti ya chitukuko ya m'dera lawo (Ward Development Committee) n'kukafunsa mwaulemu koma mosaopa kuti ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha dera la phungu, zagwira ntchito yanji. Mtsutsowo uzichitikanso m'Chinyanja, anthuni, kuti makolo ndi agogo azimva zomwe anawo akunena.