Ngati phala silinalowe mu uvuni, musautche keptinis

Anzanga ofulula mowa kunyumba, pali kanthu kamene kakhala kakundiwawa, ndipo lero ndikanena. Masiku ano ambiri akuti akufulula keptinis, mowa uja wa alimi a ku Lithuania. Zabwino ndithu. Koma ukafunsitsa, upeza kuti phala lawo silinayandikire n'komwe uvuni. Agula chimera chokazinga kale cha m'sitolo, chija amati caramel malt, asakaniza ndi chimera choyera, awiritsa kwa ola lathunthu m'poto wawo wonyezimira, kenako alemba pabotolo kuti keptinis. Mowawo utha kukhala wokoma, sindikukana. Koma ndi mowa wina, ndipo aupezere dzina lake.

Kwa inu amene simunaumvepo: Lithuania ndi dziko laling'ono la m'mbali mwa nyanja ya Baltic, anthu ake safika 3 miliyoni. Kumpoto kwake, cha ku Biržai, Pasvalys ndi Pakruojis, anthu akumudzi sanasiye kufulula mowa wa balere pakhomo, ngakhale m'zaka zimene dzikolo linali m'manja mwa Soviet Union. Litalengeza ufulu wake mu 1990, mabanja ena anayamba kugulitsa poyera, ndipo lero m'mabala ena a mumzinda wa Vilnius, monga Šnekutis, mumapezeka mowa wakumudziwu, umene eni ake amautcha kaimiškas. Keptinis ndi mtundu umodzi wa mowa umenewu, wochokera kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, ndipo ndi wosowa ngakhale kwawo komweko. Banja la Čižas, kufupi ndi tawuni ya Dusetos, ndi limodzi mwa ochepa amene amaugulitsa. Kunja kuno ambiri tinaudziwira kwa Lars Marius Garshol wa ku Norway, amene anayenda m'midzi imeneyo n'kulemba zimene anaona.

Kafululidwe kake nkotere. Mumapera chimera cha balere, n'kuthiramo madzi otentha mpaka chikhale phala lolimba, lotentha pafupifupi madigiri 65. Mumalisiya choncho kwa ola kapena kupitirira, kuti mphamvu ya m'chimeramo isandutse ufawo kukhala shuga. Mukalawa n'kumva kuti latsekemera, mumaliwola n'kuliika m'mathireyi, kapena kuliumba ngati mikate, n'kulilowetsa mu uvuni wamoto kwa maola angapo. Limatuluka lili ndi khungu lolimba lakuda pamwamba, mkati muli mofewa mofiirira. Mumaliphwanya, n'kulithira mumgolo umene pansi pake mwayala mapesi kuti akhale sefa. Pambali mumakhala mutawiritsa hops, timaluwa towawitsa mowa, m'kapoto, chifukwa kuwawa kwake sikutuluka bwino popanda kuwiritsa. Madzi a hops amenewa ndi madzi ena otentha mumathira paphala lija, n'kukuntha. Madzi otsekemera amene akutuluka pansiwo sabwereranso pamoto. Akazizira mumaikamo yisiti, basi.

Tsono mfundo yanga yagona pa ndondomekoyi: kutsekemeretsa kaye, kuwotcha pambuyo. Chimera chakuda cha m'sitolo amachikazinga chikadali njere, ufa wa m'kati mwake usanasanduke shuga, n'chifukwa chake chimapatsa mowa kafungo ka khofi kapena ka makala. Caramel malt ndiye amayesako, chifukwa amaitsekemeretsa m'kati mwa njere asanaiumitse, koma mumowa anthu amangoikamo pang'ono, gawo limodzi mwa magawo 10 kapena kucheperapo. Mu keptinis, chimera chonse chimalowa pamoto chitanyowa ndi shuga wake yemwe. Shugayo amapserera, wina amagwirana ndi mapuloteni a m'balere, zimene akatswiri amazitcha dzina la Louis-Camille Maillard, Mfalansa amene anazifotokoza mu 1912. Zotsatira zake pakamwa ndi kakomedwe kozama ka shuga wopserera ndi khungu la buledi, kotsekemera koma kosatopetsa, ndi kuwawa pang'ono kumapeto. Amene munalimbiranapo nkhoko za nsima muli ana mukudziwa kuti nkhoko ndi nsima ndi ufa umodzi, koma pakamwa ndi zinthu ziwiri. Nkhoko simungazigule m'paketi n'kuziwaza pamwamba pa nsima.

Ndiye pali chinthu chimene ambiri sachiganizira. Mkati mwa phala lonyowa kutentha sikudutsa madigiri 100, kaya uvuni ukhale wamoto chotani, chifukwa madzi akadalimo. Kupserera kumachitika pamwamba ndi m'mbali pokha, pamene pauma. Ndiye mukathira phala lonse m'poto mmodzi wakuya n'kulowetsa mu uvuni, mwangolitenthetsa chabe. Pamafunika mathireyi osaya, phala lokhuthala ngati kutalika kwa chala, kuti khungu lichuluke. Mu uvuni wamagetsi ine ndimayambira pa madigiri 220 kapena 230, ndipo sindikhulupirira wotchi, ndimakhulupirira maso ndi mphuno. Khungu likhale lofiirira kwambiri, kuyandikira kuda. Likachita makala mwapyola, likangokhala lotuwa mwachita mantha.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe: uvuni wanga ndi waung'ono, makilogalamu 5 kapena 6 a chimera cha malita 20 sangakwanemo, ndiye ndimawotcha theka lokha. Apo sindikangana nanu kwambiri, chifukwa bola phala lauonako moto. Koma ine ndikanakonda mufulule malita 10 n'kuwotcha phala lonse. Ndani anakuuzani kuti mowa uliwonse uzikhala malita 20? Imeneyo ndi saizi ya ndowa zimene amatigulitsa m'masitolo, si lamulo. Ndipo apa amene muli kumudzi ndi uvuni wa njerwa wophikira mabanzi muli pabwino kutiposa ife. Uvuni wa buledi wa ku Lithuania umagwira ntchito chimodzimodzi: kusonkha nkhuni mpaka njerwa zipse, kupala makala, kulowetsa mathireyi, kutseka. Moto umayamba waukali, n'kumatsika wokha pang'onopang'ono, ndipo n'zimene phalali limafuna.

Chimene chimandisangalatsa n'choti alimi aja sanachite zimenezi pofuna kudabwitsa munthu. Kale poto wamkulu wachitsulo kapena wamkuwa unali chuma, osauka sankaukwanitsa. Anali ndi migolo yamatabwa, imene singakhale pamoto, ndi uvuni umene nyumba iliyonse inali nawo kale wophikira buledi. Ena ankatenthetsa phala ndi miyala yamoto, ena ankalilowetsa mu uvuni, ndipo mowa wa mu uvuni unkapezekanso ku Russia ndi kwa anthu a mtundu wa Seto ku Estonia. Ifeyo tili ndi mapoto amagetsi okhala ndi mabatani, koma tikulephera kufika pamene anafika anthu opanda poto, chifukwa chongoopa kudetsa uvuni wa amayi a kunyumba. Zoona, shuga wopserera amakanirira pathireyi koopsa. Yalanimo pepala lophikira, nkhondo ithe.

Nkhani ya kusawiritsa ndiye imawopsa ambiri. Tinaphunzitsidwa kuti madzi a mowa osawiritsa amasasa, ndipo n'zoona kuti mowa wotere sukhalitsa ngati wa kufakitale. Koma phala latuluka mu uvuni lili lotentha, madzi othirawo ndi otentha, hops nayenso amathandiza kuletsa tizilombo tosasitsa. Chotsala ndi ukhondo wa ziwiya ndi kuika yisiti msanga madziwo akangozizira. Phindu lake n'loti mapuloteni amene kuwiritsa kukanawachotsa amatsala, mowa n'kukhala wodzaza pakamwa, wambuu pang'ono. Amene mukufuna mowa woonekera ngati galasi, woti ukhale m'kabati chaka chonse, fululani lager, mowa wonga wa kufakitale uja. Keptinis amafululira tsiku lake, ukwati kapena chikondwerero, n'kumwa ukadali watsopano. Kuuwiritsa kuti ukhalitse n'kuuchotsa chimene chinakukopani poyamba.

Pa yisiti sindine wovuta. Ofulula a kumeneko amasunga yisiti ya banja lawo, kuchoka pa mowa uno kupita pa wotsatira. Yodziwika kwambiri ndi ya Aldona Udrienė wa m'mudzi wa Jovarai, kufupi ndi Pakruojis, imene kampani ya ku America ya Omega Yeast imagulitsa pa dzina loti Jovaru. Imakonda malo ofunda, cha m'ma madigiri 30, ndipo imagwira ntchito mwachangu. Chenjezo n'loti imadya ngakhale shuga amene yisiti zina zimasiya, ndiye mukathamangira kutsekera m'mabotolo agalasi, mudzamva kuphulika usiku. Dikirani imalize, kapena gwiritsani ntchito mabotolo apulasitiki oti muziwafinya n'kumva ngati alimba. Yisiti wamba yofululira mowa wa mtundu wa ale nayonso imagwira ntchito, sindingamunene munthu chifukwa cha zimenezo.

Wina anandifunsa ngati zingatheke ndi chimera cha mawere kapena mapira, poti cha balere kwathu n'chovuta kupeza. Yesani, ndipo mundiuze. Ingodziwani kuti chimera cha mapira sichitulutsa shuga mwachangu ngati cha balere, ndiye muchipatse nthawi yokwanira chisanalowe mu uvuni. Ukakoma, mudzaupatse dzina lanu, la keptinis muwasiyire eni ake.