Amalume sanawononge ndalama popita ku chipatala cholipira

Ndakwiya kwambiri ndi mawu amene m'bale wina wa m'banja mwathu wanena sabata ino, akuti amalume anga awononga ndalama posiya kudikira ku chipatala cha boma n'kukachititsa opaleshoni ya prostate, kachiwalo ka amuna kamene kakakula kamatseka njira ya mkodzo, ku chipatala cholipira. Wawonjezeranso kuti kumeneko ndi kunyada kwa munthu wosafuna kukhala pamzere ndi anzake. Wonena zimenezi sanayendepo ngakhale tsiku limodzi ndi kapaipi m'njira ya mkodzo, thumba litamangiriridwa pamwendo, ndipo sanagonepo thupi likutentha chifukwa choti kapaipiko kalowetsa tizilombo m'chikhodzodzo.

Amalume anatsekeka mkodzo mwadzidzidzi usiku, m'munsi mwa mimba mutafufuma, akubuula ndi ululu. Ku chipatala cha boma anawalandira bwino, ndipo ndikuthokoza anamwino amene anawaika kapaipi usiku womwewo, pakuti kutsekeka kwa mkodzo sikuyembekeza kuti kuche. Koma dzina lawo litalembedwa pamndandanda wa opaleshoni, tsiku linkangosunthidwa, miyezi n'kumapita. Zifukwa zake tonse tikuzidziwa, madokotala odziwa opaleshoni imeneyi ndi ochepa ndipo odwala mwakayakaya ndiwo amayamba kuthandizidwa. Zimenezo sindikutsutsa. Chimene ndikukana ndi mtima wanga wonse ndi maganizo akuti munthu akamadikira sakulipira kanthu.

Amalipira ndithu, ndipo amalipira ndi thupi lake. Prostate ndi kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Ikakula imafinya njirayo, mkodzo umachedwa kuyamba, umatuluka mofooka, munthu amadzuka kangapo usiku, ndipo chikhodzodzo sichitulutsa mkodzo wonse. Mkodzo wotsalirawo umabweretsa matenda, umatha kupanga timiyala, ndipo ukachuluka kwa nthawi yaitali umakankhira kumtunda mpaka kuwononga impso. Kapaipi kamapulumutsa impso, inde, koma kakakhalitsa kamabwera ndi mavuto akeake: kamatsekeka, kamatulutsa magazi, kamayenera kusinthidwa pakapita masabata angapo, ndipo matenda a m'chikhodzodzo amangobwerabwera, moti munthu amamwa mankhwala opha tizilombo mobwerezabwereza. Bambo wamkulu amene moyo wake wonse ankadzidalira amayamba kupewa misonkhano poopa fungo, amasiya maulendo, ndipo amakhala chete ngakhale pakati pa ana ake. Kodi zimenezi si malipiro? Kodi munthu ayenera kuyamba wagonekedwa ndi matenda a m'magazi kuti abale ake avomereze kuti anali ndi chifukwa chofulumirira?

Komanso amalume sanathamangire opaleshoni. Anamwa tamsulosin, mankhwala amene amamasula minofu ya pakhosi pa chikhodzodzo ndipo amayamba kugwira ntchito m'masiku ochepa. Anapatsidwanso finasteride, amene amachepetsa prostate yeniyeniyo koma amafuna miyezi pafupifupi 6 kuti phindu lake lioneke. Madokotala anayesa kuchotsa kapaipi, mkodzo unakananso. Apa njira yotsala inali opaleshoni yotchedwa TURP, imene dokotala amalowetsa chida kudzera m'njira ya mkodzo n'kupala mbali ya prostate imene yatseka njirayo, popanda kung'amba mimba, ndipo wodwala amatuluka m'chipatala patangopita masiku ochepa. Opaleshoni yake ndi yomweyo ku chipatala cha boma ndi ku chipatala cholipira, ndipo ine sindikunena kuti dokotala wa uku amaposa wa uko. Chimene amalume anagula ndi tsiku lodziwika, tsiku losasuntha, ndipo analigula ndi ndalama zawozawo zimene anazivutikira zaka zambiri. Ndalama imene munthu wasunga mpaka ukalamba, ngati singamuthandize kukodza ngati munthu wina aliyense, ndiye anaisungira chiyani? Kapena abale ena ankaiwerengera kale?

Ndikudziwa bwino kuti abambo ambiri alibe ndalama yoti asankhire, ndipo iwo akupitirizabe kudikira ndi mapaipi awo. Zimenezi zimandiwawa, ndipo mkwiyo wathu uyenera kupita kwa amene ali ndi udindo wofupikitsa mndandandawo. Kunyoza nkhalamba imene yadzilipirira sikufulumizitsa opaleshoni ya munthu aliyense, pamene kuchoka kwa dzina lake pamndandanda kwasendeza mnzake wapambuyo kutsogolo. Tsono inu amene mukunyoza lero, dziwani kuti pafupifupi theka la amuna amene afika zaka 60 ali ndi prostate yokula, ndipo mwa amene apitirira zaka 80, oposa 8 mwa 10 alionse ali nayo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chondikwiyitsa koposa n'chakuti m'bale yemweyu, amene akudandaula za ndalama ya opaleshoni, ndiye ankawakakamiza amalume kugula mabotolo a mankhwala otsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp, amene eni ake amalonjeza kuti amasungunula prostate m'masiku owerengeka. Ogulitsa amenewa sayeza munthu magazi a PSA, kuyeza kumene kumathandiza kuona ngati prostate ili ndi vuto monga khansa, samuyeza prostate ndi chala monga amachitira dokotala, sadziwa mmene impso zake zikugwirira ntchito, koma amalandira ndalama mwezi ndi mwezi kwa abambo amene akuchita manyazi kuvula pamaso pa dokotala. Kukula kwa prostate si khansa, koma khansa ya prostate imatha kukhalapo pamodzi ndi zizindikiro zomwezi, ndipo mwamuna amene watha chaka akumwa za m'botolo osayezetsa amatha kukafika kuchipatala nthenda itafalikira kale m'mafupa. Ndalama yopita kwa anthu amenewa palibe m'bale amene amaitchula kuti yawonongeka, ndipo zotsatsa zawo zikungochuluka pa intaneti.