Ana akachoka pakhomo: zimene ndaona ku Mchinji, ku Kitwe ndi ku Angónia

Mzime wanga atanyamuka kukayamba ntchito ku Blantyre, ndinatha masabata atatu ndikuphikabe mumphika waukulu. Mutu unkadziwa kuti tatsala awiri, ine ndi bambo ake, koma dzanja linali lisanamve. Anthu ankabwera kudzationa monga mwa masiku onse, ndipo pafupifupi aliyense ankafunsa chinthu chimodzi: "Ndiye akutumizirani mdzukulu uti woti muzimutuma?" Funso losiyana linachokera kutsidya kwa malire. Achemwali anga, amene anakwatiwa ku Zambia ndipo akhala ku Kitwe zaka zoposa 40, anandiimbira foni n'kunena kuti, "Wamaliza kulera, mng'ono wanga. Nanga iwe mwini wake ukufuna kuchita chiyani tsopano?" Ndinasowa choyankha, ndipo kusowa yankhoko kunandipweteka kuposa chete amene anali m'nyumba.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulingalira chifukwa chake ana a mimba imodzi, olankhula chinenero chimodzi, angaone nkhani imodzimodzi mosiyana chonchi. Ndikuona kuti gwero lake ndi mayiko amene takhalamo.

Kuno ku Malawi nyumba siiloledwa kukhala yopanda mwana. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse, 16 okha ndiwo ankakhala m'tauni. Ambirife tili kumudzi, ndipo ngakhale amene wagwira ntchito ku Lilongwe kapena ku Zomba zaka 30 amakhala ndi kwawo kokafikira akapuma. Pakati pa Achewa, kumene chikamwini chinazika mizu, ana aamuna ndiwo ankachoka kukakhala kwa akazi awo, pamene aakazi ankamanga pafupi ndi mayi wawo. Mayi akamaliza kulera ake, nyumba yake inkasanduka kuka, mogona adzukulu aakazi, momvera nthano ndi malangizo. Kumpoto, kumene mkazi amatsatira mwamuna, zinkangotembenuka: ana aakazi ankachoka, aamuna n'kubweretsa akazi awo pakhomo. Mulimonsemo, pabwalo sipankasowa phokoso.

Kenaka kunabwera maulendo. Makolo athu anapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodiko, ena ku Salisbury (Harare wa lero) ndi ku Bulawayo, mpaka tinapeza dzina la amene sanabwerere: matchona. Dr Banda anaimitsa Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, koma njira ya kum'mwera sinatsekeke. Lero anyamata ndi atsikana omwe akukwera mabasi a ku Johannesburg, ndipo asananyamuke amayamba adzera kwa agogo kukatula mwana. Onjezanipo zaka za m'ma 1990 ndi 2000, pamene Edzi inabweza ana amasiye ambirimbiri m'manja mwa nkhalamba. M'badwo wa amayi anga sunadziwe n'komwe kuti kulera kuli ndi mathero.

Sindikunyoza zimenezi ayi. Munthu wachikulire kwathu kuno ali ndi malo ake, ndipo malowo sachita kumupatsa mwachifundo. Ndiye nkhoswe, ndiye namkungwi, ndiye amene amagogoderedwa usiku mwana akatentha thupi kapena banja likagwedezeka; paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Umanyano amene amayendera odwala ndi kugona pamaliro, ambiri ndi oti ana awo anakula kale. Munthu wotere sadzuka m'mawa n'kumadzifunsa ngati alipo amene akumufuna.

Koma pali mbali ina imene sitikonda kuitchula. Mdzukulu amene amati wabwera kudzathandiza agogo nthawi zambiri amakhala wa zaka 4 kapena 5, woti asambitsidwe, adyetsedwe, aperekezedwe kusukulu. Mayi wa zaka 65, mawondo akuwawa, amayambiranso ntchito imene anaitula zaka 20 zapitazo, ndipo palibe amene wamufunsa ngati akufuna. Ndalama za ku Johannesburg zimabwera mwezi uno, miyezi itatu yotsatira zii. Zimene mayiyo ankalakalaka mumtima, kaya kuphunzira kusoka, kaya kulowa sukulu ya kwacha kuti aziwerenga yekha Baibulo, kaya kungopuma, amapita nazo kumanda. Ndipo amene alibe mdzukulu woti amutumizire, n'kutsala yekha m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, ndi yemweyo amene mawa adzalozedwa chala kuti ndi mfiti. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, chifukwa zikuonetsa kuti ulemu umene timapatsa okalamba nthawi zina umatha tsiku limene asiya kutigwirira ntchito.

Ku Zambia mkuwa unasintha zinthu kalekale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930, migodi ya ku Luanshya, Kitwe, Mufulira ndi Chingola inakoka anthu kuchokera m'zigawo zonse, ndipo lero anthu oposa 40 mwa 100 alionse amakhala m'tauni. Alipo agogo amene anabadwira ku Copperbelt komweko. Mudzi ndi mfumu yawo zinalembedwa pachiphaso chawo, koma kumudziko sanalimeko mzere ndi umodzi womwe. Mu 1996 boma la Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za khonsolo ndi za boma kwa amene ankakhalamo, ndipo pamene migodi ya boma ya ZCCM inkaperekedwa kwa makampani, ntchito imene inatha mu 2000, antchito ambiri anatsala ndi nyumba za kumgodi. Achemwali anga ndi alamu anga anapeza yawo m'nyengo imeneyo. Atapuma pantchito, panalibe chowakokera kumudzi.

Ana awo anabalalika, wina ku Lusaka, wina kumigodi yatsopano ya ku Solwezi, wina ndi namwino ku Britain, ndipo adzukulu amaphunzira kumene kuli makolo awo. Choncho nyumba ija inakhaladi yopanda mwana, popanda mbumba yoti iidzazenso. Achemwali anandiuza kuti chaka choyamba ankasiya wailesi ikulira tsiku lonse, kuti m'nyumba muzimveka mawu a munthu. Kenaka anayamba kudzigwedeza. Zipinda za kuseri anaikamo anthu a lendi, anamanga khola la nkhuku, analowa chilimba, chimene kuno timati chipereganyu, n'kugula makina awiri osokera. Lolemba ndi Lachinayi amaphunzitsa atsikana amene anasiyira sukulu panjira. Chimene chinandigwira mtima ndi mmene amatchulira ntchitoyo: amati "yanga". Ine mawu amenewo ndinali nditawaiwala chibadwire mwana wanga wachisamba. Zonse zinali "za ana".

Njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Alamu anga zinawavuta kwambiri. Munthu amene moyo wake wonse unali shifiti ndi fizi, zonse ziwiri zitatha anakhala pakhonde zaka ziwiri osadziwa pogwira, mpaka atapeza kamunda kunja kwa tauni. Ndipo achemwali atadwala mwadzidzidzi chaka china, amene anathamanga nawo kuchipatala anali mnyamata wa lendi. Ana anangomva pafoni. Abemba ali ndi mwambi wakuti mayo mpapa na ine nkakupapa, kutanthauza kuti amayi ndiberekeni kumsana, inenso ndidzakuberekani. Ana a kumeneko amausungadi mwambiwu, koma ambiri amabereka makolo awo ndi ndalama za pafoni. Ndalamayo imagula mankhwala, koma usiku pambali pa bedi la wodwala pamakhala palibe munthu.

Ngakhale zili choncho, nkhani ya ndalama sitingaizembe, chifukwa munthu sangasankhe chochita ndi ukalamba wake ngati akudikira mwana kuti agule sopo. Ku Zambia bungwe la penshoni la NAPSA linayamba ntchito mu 2000, wantchito kusonkha 5 peresenti ya malipiro ake, womulemba ntchito 5 peresenti. Mu 2015 anakweza zaka zopumira kufika pa 60, ndi mwayi wopuma msanga pa 55 kapena mochedwa pa 65, ndipo mu 2023 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lolola munthu kutapako 20 peresenti ya zimene wasonkha asanapume. Kuno lamulo lokakamiza penshoni linabwera mu 2011, wantchito 5 peresenti, womulemba ntchito 10. Papepala lathuli likuoneka labwinopo, koma limafikira ochepa, popeza ambirife amene anatilemba ntchito ndi khasu.

Mtukula Pakhomo anayambira kwathu ku Mchinji mu 2006, ndondomeko yofanana nayo itayamba kale ku Kalomo ku Zambia mu 2003. Zonse ziwiri zinkayang'ana banja losaukitsitsa lopanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Koma mu 2007 ku Katete, pafupi nafe pomwepa, anayesa china: kupereka ndalama kwa munthu wa zaka 60 kupita m'mwamba chifukwa cha ukalamba wake basi, kaya akulera ana amasiye kaya ayi. Kunali kuyesa chabe m'boma limodzi, koma ganizo lake ndimalilemekeza, chifukwa limaona nkhalamba ngati munthu payekha. Zanzibar inachita chimodzimodzi mu 2016 kwa onse ofika zaka 70. Ndikulakalaka ifenso titafika pamenepo ndisanatsinzine.

Abale athu a ku Angónia ku Mozambique anadutsa njira ina. Kumeneko mabanja ambiri analekana popanda kutsanzikana. Nkhondo ya 1977 mpaka 1992 inathamangitsira ku Malawi anthu pafupifupi 1 miliyoni, ku Dedza, Ntcheu, Mwanza, Nsanje ndi kwina. Mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, anabwerera n'kukapeza tchire pamene panali midzi. Agogo a lero anali makolo achinyamata panthawiyo, ndipo anaona ndi maso awo makolo awo a imvi akuzika nsanamira za nyumba yatsopano. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake kuyamba chinthu pa zaka 60 sikuwaopsa. Azakhali athu ena kumeneko, ana onse ali ku Tete ndi ku Beira, amalima mbatatesi n'kumadzagulitsa ku Lizulu, ndipo ali m'gulu losonkherana ndalama limene amalitcha xitique. Sindinawamvepo akunena kuti nthawi yawo inatha.

Loweruka lomaliza la Ogasiti, Achewa a mayiko atatuwa amakumana ku Mkaika ku Katete pamwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ukayang'ana amayi achikulire atakhala pamenepo, sungasiyanitse wa ku Dedza, wa ku Chipata ndi wa ku Angónia. Kusiyana kuli m'nyumba zimene abwererekozo. Ine mutandifunsa, ndikufuna kudzadwalira ku Malawi, kumene mdzukulu wa mlongo wanga angabwere ndi phala popanda kumutuma. Koma zaka zimene ndikadali ndi mphamvuzi ndikufuna ndizikhale ngati achemwali anga.

Ine ndi bambo a ana tinayamba ndi chinthu chooneka chaching'ono koma chovuta zedi: kuphunziranso kucheza. Kwa zaka 32 nkhani zathu zinali fizi, yunifolomu, malungo ndi mayeso. Zimenezo zitachoka, madzulo tinkangoyang'anizana. Tinayamba kupitira limodzi kudimba m'mamawa, ndipo panjira pamenepo ndi pamene ndinamva koyamba kuti iwo kuyambira ali mnyamata ankafunitsitsa kuweta njuchi. Zaka zonsezi sanandiuzepo, nanenso sindinafunsepo. Lero ali ndi ming'oma 6. Ine ndimaphunzitsa amayi 11 kuwerenga kawiri pamlungu. Wamkulu mwa onse ali ndi zaka 71, ndipo mwezi wathawu analemba dzina lake koyamba m'malo modinda chala.

Masiku apitawa mwana wanga wamkazi anaimba foni. "Amayi, ndimati Januwale akubwerayu ndimutumize mwanayu adzikhala nanu, kuti musamasungulumwe." Ndinakhala kaye chete, chifukwa mawu amene ndinkafuna kunena sindinamvepo mayi aliyense wa kwathu akuwanena. Ndinamuyankha kuti, "Mwana wanga, tchuthi chilichonse azibwera, ndipo tsiku limene udzapanikizikedi usadzachite kupempha, udzangobwera naye. Koma ngati ukuchitira ine, musiye akule ndi mayi ake. Ine Lachiwiri ndi Lachisanu ndimakhala ndi kalasi." Anadabwa. Kenaka anafunsa kuti ndi kalasi ya chiyani, ndipo tinacheza za amayi anga 11 aja mpaka mayunitsi anamuthera.