Buku lachiwiri limalemera kuposa loyamba

Inu amene mukangotseka buku mumayamba kufunsa kuti "nanga gawo lachiwiri lituluka liti?", bwerani timve. Ine ndatha miyezi isanu ndi itatu ndikulimbana nalo, ndipo ndikunenetsa kuti ntchito yake ndi yowawa kuposa ya loyamba.

Polemba loyamba umakhala mfumu. Ukafuna kuti mtengambali akhale wamanzere, amakhala wamanzere, palibe wokufunsa. Koma likangosindikizidwa, zonse unalembamo zasanduka lamulo, ndipo iwe mwini ndiwe woyamba kumangidwa nalo. Sabata yatha mkonzi wanga anandibwezera mapepala atazunguliza mzere wina ndi cholembera chofiira, pambali n'kulemba kuti: "Mayi awa si aja munawaika m'manda pa tsamba 41?" Ndinachita kukatenga buku loyambalo pa shelefu. Zoona ndithu, ndinawapha ndekha ndi manja omwewa. Koma m'chaputala chachinayi cha latsopanoli akuimbira mwana wawo foni, kumufunsa ngati wafika bwino. Ndinaseka, kenako mutu unandiwawa, chifukwa foni imeneyo ndiyo inkayendetsa machaputala atatu otsatira.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti ngakhale akuluakulu zinawagwera. Arthur Conan Doyle, mu A Study in Scarlet ya 1887, analemba kuti Dr Watson, mnzake wa wofufuza milandu Sherlock Holmes, anawomberedwa paphewa kunkhondo ku Afghanistan. Mu The Sign of Four ya 1890, bala lija lasamukira kumwendo. Patha zaka zoposa 130, owerenga sanaiwalebe. Wowerenga amakumbukira kuposa wolemba, chifukwa iye anawerenga buku limodzi, pomwe wolemba m'mutu mwake muli zolemba zisanu zimene anazing'amba asanafike pa lomalizalo.

Panopa ndili ndi kope lapadera. Ndimalembamo zaka za aliyense, zipsera, amene anamwalira, makamaka ndani akudziwa chinsinsi chiti komanso anachidziwa liti. Pamenepa ndi pamene ambiri timaterereka.

Koma chimene chimandinyansa kwambiri si zolakwika zotere ayi. Ndi buku lachiwiri limene limangotenthetsa loyamba: mkangano womwewo, anthu omwewo, kungosintha mayina a adani. Chinua Achebe sanatero. Things Fall Apart inatuluka 1958, mtengambali wake wamkulu, Okonkwo, atafa pamapeto pake. Mu No Longer at Ease ya 1960 anatenga mdzukulu wa Okonkwo, Obi, n'kumuika ku Lagos pa ntchito ya boma, akuyesedwa ndi ziphuphu. Magazi ndi omwewo, koma vuto ndi lina.

Ndiye zolemba zangazi ndazipereka kwa anthu awiri. Wina analiwerenga loyamba kawiri, ameneyo andigwire bodza. Winayo sanalionepo n'komwe, ameneyo andiuze pamene wasokonezeka. Za mayi aja ndaganiza kuti foniyo aimbe ndi mchemwali wawo, ngakhale kuti mchemwaliyo sindinamutchulepo paliponse m'buku loyamba.