Inu a tiyi wochepetsa thupi, mukufuna mutiliritse?

Lamlungu lapitali mtsikana wina wa m'kwaya ya kwathu anagwa nyimbo ili mkati. Azimayi kumukupiza ndi chitenje, ena kuthamangira madzi, ife mitima ili m'mwamba. Atatsitsimuka m'pamene mnzake anaulula kuti mwanayu watha sabata akumwa tiyi wochepetsa thupi wogula pa WhatsApp, nsima osaikhudza, ati diresi la pa ukwati wa mchemwali wake limukwane. Diresi! Kodi atelala anatha m'dziko muno?

Matiyi ambiri oterewa amaikamo masamba a senna, omwe ntchito yake n'kutsegula m'mimba basi. Mukuchezera kuchimbudzi, m'mawa n'kukwera pasikelo n'kumalulutira kuti makilo apita. Apita ndi madzi, ana inu, pamodzi ndi mchere wa m'thupi umene mtima umadalira kuti ugunde bwino. Mafuta ali pompo. Nanga mwana akatsegula m'mimba timathamangiranji Thanzi ORS? Inu matenda omwewo mukuchita kugula ndi ndalama zanu. Kapaketiko kalibe dzina la wopanga, kalibe tsiku lothera mphamvu. Munafunsako ngati a PMRA, bungwe loona za mankhwala, akukadziwa? Chondiwawa kwambiri n'chakuti akumwa nawo ndi amayi oyamwitsa, ena ali pa ma ARV, ena pa mankhwala a shuga.

Enanu mwati madzi otentha a mandimu amasungunula mafuta. Mimba yanuyo ndi poto yokazingira nyama kuti muzitsuka ndi madzi otentha? Wina akumwa viniga m'mimba mulibe kanthu, mawa adandaule chilungulira. Wina wadzikulunga pulasitiki, wamanga chilamba mpaka kupuma mobanika, ati thukuta ndi mafuta akutuluka.

Koma nsima yokhayo mwainamizira mokwanira. M'mawa simudya, masana simudya, ati mukusala. Ikamakwana 4 koloko njala yakupotokolani, uyo pachiwaya: tchipisi chonona mafuta, mandasi awiri, chakumwa chozizira pamwamba. Botolo limodzi la Coca-Cola la 300ml lili ndi shuga wokwana pafupifupi masipuni 8 a tiyi, pomwe a WHO amati munthu wamkulu asamapyole pafupifupi masipuni 12 tsiku lonse. Onjezani anayi aja mumathira m'kapu ya tiyi, ndi Sobo wa madzulo. Ndiye wolakwa akhale mtanda wa mgaiwa wodyera bonongwe wotendera ndi usipa? A zaumoyo akhala akutiimbira za magulu 6 a zakudya kusikelo ya ana ndi pawailesi, inu mwasankha kumvera munthu wa pa TikTok amene simudziwa ndi kwawo komwe. Pamtunda woti n'kuyenda wapansi mukuimitsa kabaza.

Abambo musaseke. Chimimba chimene mukuti ndi cha ndalamacho ndi mowa ndi kanyenya, ndipo BP ikukudikirani. Nanunso azakhali, lekani kulonjera ana ndi mawu oti "wanenepatu iwe", ndinu mukuwakankhira kwa ogulitsawa. Ndipo amene akuwonda osadziwa chifukwa asamayamikiridwe kuti waphula, apite akayezetse shuga, TB ndi HIV.

Katayeni timapaketito lero. Wokugulitsaniyo sadzabwera n'kudzakuzondani komwe kuchipatala.