Tsiku lomwe ndinapepesa mwana wanga

Pali bodza lina lomwe makolofe tinalizolowera mpaka sitiliwerenganso ngati tchimo: "Ukawauze kuti kulibe."

Mwezi wathawu ndinalinena ndine. Msungichuma wa gulu lathu la banki mkhonde anagogoda pageti masana. Ndinali ndi ngongole ya K40,000, tsiku lobweza linali litadutsa, m'manja mulibe kanthu. Ndinathawira kuchipinda n'kutuma mwana wanga wamkazi wa zaka 8. Ndinkamuonera pawindo. Anagwada mwaulemu n'kunena kuti, "Amayi achokapo." Mawu osanjenjemera ngakhale pang'ono, ngati munthu woti anazolowera.

Madzulo titadya nsima inali nthawi yake yotsogolera pemphero. Anathokoza chifukwa cha chakudya, anapempherera agogo ake kumudzi, kenako anati, "Mutikhululukire ine ndi amayi chifukwa tinanama." Sindinathe kuyankha ameni. Kukhosi kunauma gwa.

Ine Lachinayi lililonse ndimavala bulauzi yoyera ndi duku kupita ku Mvano. Mwanayu sajomba ku Sande sukulu, Malamulo Khumi amawanena pamtima. Koma tsiku limenelo ndinaona kuti ali ndi aphunzitsi awiri. Wina amamuona ola limodzi Lamulungu, winayo ndi ine, yemwe amandiona kuyambira m'mawa ndikusonkha moto pambaula mpaka usiku. Aphunzitsi awiriwa akatsutsana, mukuganiza mwana atsatira uti?

Ana amaona, abale anga. Amamva mmene timamukalipirira mtsikana wantchito akaswa mbale. Amamva tikumudya miseche mayi wa m'kwaya tisanavule ndi zovala za kutchalitchi zomwe. Amaona bambo akutsogolera mapemphero ndi pakamwa pomwe pamatukwana mkazi wake. Ndiye akafika zaka 16 n'kuyamba kukana kutchalitchi, timathamangira kunena kuti ndi foni, ndi anzake oipa, ndi TikTok. Zimenezo zilipo ndithu, sindikukana. Koma ena anayamba kalekale kukayika, ali phee pamkeka kutiyang'ana.

Pa Deuteronomo 6:7 Mose sanauze Aisraele kuti ana aziphunzitsidwa tsiku lopembedza lokha. Anatchula pokhala m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka. Ndiye kuti pamsika pomwe, m'minibasi momwe, pageti pomwe ndinatuma mwana kukanama ine. Paulo polembera Timoteo akuti chikhulupiriro chake chinayamba kukhala mwa agogo ake a Loisi ndi mayi ake a Yunike. Chinkakhala m'nyumbamo, mnyamatayo n'kumakula akuchiona.

China chomwe chimandivuta n'chakuti timasankha mavesi otikomera. Aefeso 6:1, yonena kuti ana amvere makolo, timaidziwa tonse. Vesi ya ndodo ya pa Miyambo 13:24 ndiye sitiiwala. Koma Aefeso 6:4, yochenjeza atate kuti asakwiyitse ana awo, ndi makolo angati amaiwerenga mokweza ana ali pomwepo?

Usiku wa pemphero lija ndinakhala pamphepete pa bedi la mwana wanga n'kumuuza kuti, "Mwanawe, pepa. Bodza lija linali langa, ndinalakwa kukusenzetsa." Anandiyang'ana modabwa, chifukwa anali asanamvepo munthu wamkulu akumupepesa. Nditafotokozera mnzanga wina wa ku Mvano anagwira pakamwa, amvekere wamkulu salakwa, mwana adzakuderera. Mnzangayo ndimamulemekeza, koma apa sindigwirizana naye. Timauza ana kuti alape, avomere akalakwa, apemphe chikhululuko. Adzadziwa bwanji maonekedwe a kulapa ngati sanamuonepo aliyense m'nyumba akulapa? Timakonda kunena kuti m'mera m'poyamba, tikumaganiza za kuwongola mwana. Sitidzifunsa ngati mtengo womwe tamumangirirapowo uli wowongoka.

M'mawa mwake ndinamutenga mwanayo, tinapita limodzi kwa msungichuma uja. Ndinawauza kuti, "Mayi, dzulo ndinalipo, manyazi ndi omwe anandibisa. Ndalama ndilibe pakali pano." Anakhala chete kanthawi, kenako anati nkhaniyo akaitula kugulu, ndipo chindapusa cha kuchedwa ndilipira monga mwa malamulo athu. Ndinavomera. Mwana wanga anali chiimire pambali panga, akumva zonse.

Pobwerera anandigwira dzanja njira yonse, zomwe anali atasiya kalekale poti amati wakula.